Mbiri ya Kuchotsa Miyala m'Njira ya Ndulu

 Lero tiphunzira mbiri ya kanjira kakang'ono kamene kali m'mimba mwa munthu aliyense. Kanjirako kakatsekeka ndi mwala, munthu angathe kufa m'masiku owerengeka. Timva mmene madokotala a m'maiko osiyanasiyana anavutikira zaka zoposa 150 kufuna kufika pa kanjirako popanda mpeni, mmene anapambanira, ndiponso gawo la ntchitoyi limene latsalira inu ndi ine. Tcherani khutu, pakuti kumapeto kuli mafunso.

Ndulu ndi ntchito yake

Nonse munaonapo nkhuku kapena mbuzi ikutumbulidwa. Wotumbulayo akafika pa chiwindi amagwira mpeni mosamala, chifukwa pansi pa chiwindicho pali kathumba kobiriwira kamene kakaphulika nyama yonse imawawa. Kathumbako ndiko ka ndulu. Munthunso ali nako, kumanja kwa mimba, pansi pa nthiti.

Madzi owawa aja amapangidwa ndi chiwindi. Chiwindi cha munthu wamkulu chimatulutsa ndulu yokwana theka la lita kapena kuposerapo tsiku ndi tsiku. Kathumba kaja ndi nkhokwe chabe, ndipo mumalowa masupuni aakulu atatu kapena anayi okha. Mukadya nsima ndi ndiwo zotendera kapena nyama yonona, kathumbako kamafinyika, ndulu imatsikira m'matumbo ndi kukasungunula mafuta, monga mmene sopo amachitira ndi mafuta a m'mbale.

Nanga nduluyo imatsikira pati? M'chiwindi muli tinjira tambirimbiri timene timakumanakumana, monga mmene timitsinje ta m'mapiri timathirira mu Lunsemfwa, Lunsemfwa nathira m'Luangwa. Tinjira tonseto, pamodzi ndi kanjira kochokera ku kathumba, timathera m'njira imodzi yaikulu. Imeneyi ndiyo tikuitcha njira ya ndulu. Ngakhale tikuti yaikulu, kutalika kwake kufanana ndi chala cha munthu wamkulu, ndipo m'mimba mwake ndi mamilimita 6 kapena pafupi pamenepo. Pensulo yanu siingalowemo.

Njirayi imatulukira m'matumbo aang'ono, patsogolo pang'ono pa chifu, pa kachotupa konga kansonga ka bere. Kachotupako anakafotokoza Abraham Vater wa ku Germany m'chaka cha 1720. Pakhomo pake pali mnofu wozungulira umene umamanga ndi kumasula khomolo ngati chingwe cha pakamwa pa thumba. Mnofu umenewu anaufotokoza bwino Ruggero Oddi wa ku Italy m'chaka cha 1887, akali wophunzira pa sukulu ya udokotala ku Perugia. Pakhomo lomweli pamatulukiranso madzi a kapamba, chiwalo chimene chimathandiza kugaya chakudya ndi kuchepetsa shuga m'magazi. Likumbukireni khomo limeneli, pakuti mbiri yathu yonse ikuloza pamenepo.

Miyala imachokera kuti?

Ena amaganiza kuti miyala ya m'ndulu ndi mchenga umene munthu anameza pamodzi ndi nsima, kapena timiyala ta m'nyemba zosasankha. Si choncho ayi. Miyalayi imapangika m'thupi momwemo. Mu ndulu muli mafuta ena otchedwa kolesitero, mulinso utoto wachikasu umene umatsala maselo ofiira a m'magazi akatha ntchito. Chimodzi mwa izi chikachuluka, chimayamba kudikha ndi kuundana, monga mchere umatsalira pansi pa poto madzi akaphwa. Timibulu timakula pang'onopang'ono, tina ngati mapira, tina ngati nsawawa, mwina kufika pa dzira la nkhunda.

Miyala ya mafuta imapezeka kawirikawiri mwa akazi kuposa amuna, makamaka amene abereka kangapo, mwa anthu onenepa, ndi mwa amene apitirira zaka 40. Miyala ya utoto ndi yakuda, ndipo iyi ikutikhudza kwambiri kuno kwathu chifukwa cha matenda obadwa nawo a sickle cell, amene amapinda maselo ofiira ngati chikwakwa. Selo labwino limakhala masiku 120, koma selo lopindika limatha m'masiku 10 kapena 20 okha. Motero utoto umachuluka, ndipo mwana wa msinkhu wanu amene ali ndi matendawa angathe kukhala ndi miyala m'ndulu.

Anthu ambiri amakhala ndi miyala m'kathumba moyo wawo wonse osadziwa. Tsoka limabwera mwala umodzi ukatuluka m'kathumba ndi kukakakamira m'njira ija. Inu amene mumathirira kudimba mukudziwa chimene chimachitika mwala ukatseka ngalande: madzi amabwerera m'mbuyo ndi kusefukira kumene sakufunika. Nduluyo nayo imabwerera ku chiwindi ndi kulowa m'magazi. Maso amasanduka achikasu, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, chimbudzi chimayezuka, thupi limayabwa. Ndiponso madzi oima sachedwa kuola. Tizilombo timaswana mu ndulu yotsekeredwayo ndi kufalikira m'magazi. M'chaka cha 1877 dokotala wa ku Paris, Jean-Martin Charcot, anaphunzitsa kuti zimenezi zikachitika pamaoneka zizindikiro zitatu pamodzi: kupweteka kwa m'mimba kumanja pansi pa nthiti, chikasu, ndi kutentha thupi konjenjemeretsa. Mpaka lero ophunzira udokotala amaloweza zizindikirozi ndi dzina lake.

Nthawi ya mpeni

Matendawa ndi akale kwambiri. Miyala ya m'ndulu inapezeka m'mitembo youmikidwa ya ku Egypt ya zaka pafupifupi 3,000 zapitazo. M'buku la Antonio Benivieni wa ku Florence, limene linasindikizidwa mu 1507, muli nkhani ya miyala imene iye anaipeza potumbula mtembo. Koma kuona mwala mwa wakufa ndi kwina, kuuchotsa mwa wamoyo ndi kwinanso. Kwa zaka mazana ambiri kutsegula mimba ya munthu wamoyo kunali ngati kumupha, chifukwa kunalibe mankhwala ogonetsa, ndipo mabala anali kuola.

Zinthu ziwiri zinasintha zimenezi. Mu 1846, ku Boston m'dziko la America, anaonetsa poyera kuti munthu angagonetsedwe ndi mankhwala osamva mpeni. Mu 1867 Joseph Lister, amene anali kugwira ntchito ku Glasgow, anafalitsa njira yophera tizilombo pa mabala, pa manja ndi pa zipangizo. Zitatero, pa 15 July 1882, Carl Langenbuch wa ku Berlin anachotsa kathumba konse ka ndulu mwa munthu wamoyo, ndipo munthuyo anachira. Zinadziwika tsono kuti munthu angakhale bwinobwino popanda kathumbako, pakuti chiwindi chimapitiriza kutsitsa ndulu m'matumbo.

Njira ya ndulu ndiyo inali yovuta koposa, chifukwa ili m'kati kwambiri, pafupi ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi. Mu 1889 Knowsley Thornton wa ku London, ndi mu 1890 Ludwig Courvoisier wa ku Switzerland, anaing'amba njirayo ndi kutulutsamo miyala. Mu 1931 Pablo Mirizzi wa ku Argentina anayamba kuthira mankhwala ooneka pa X-ray m'njirayo opaleshoni ili m'kati, kuti aone ngati mwatsala mwala. Zonsezi zinapulumutsa anthu ambiri. Komabe bala linali lalikulu, wodwala anali kugona m'chipatala masabata, ndipo okalamba ndi ofooka ambiri sanali kupirira. Mwala ukatsalira, anali kumung'ambanso kachiwiri.

Ngakhale anthu otchuka sanapulumuke zovuta zimenezi. Mu 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, Anthony Eden, nduna yoona za maiko akunja ku Britain, anachitidwa opaleshoni ya ndulu ku London, ndipo njira yake ya ndulu inavulala. Anapita naye ku Boston kukaikonza, koma kutentha thupi kunali kumubwererabwerera. Anakhala nduna yaikulu mu 1955, natula pansi udindowo mu January 1957 ali wodwala. Ngati zinatero ndi munthu wokhala ndi madokotala onse a ku London, nanga munthu wamba?

Kufunafuna kuwala

Pamene ena anali kunola mipeni, ena anali ndi funso lina. Thupi lili kale ndi njira yake yochokera pakamwa, kudzera kummero ndi m'chifu, mpaka pakhomo la ndulu. Bwanji osadzera momwemo? Zopinga zinali ziwiri: m'mimba muli mdima, ndipo njirayo ndi yokhotakhota kuposa msewu wa m'mapiri a Manenekela.

Woyamba kuyesa kuunika m'kati mwa thupi ndi chipangizo anali Philipp Bozzini wa ku Frankfurt, mu 1806. Chipangizo chake chinali kabokosi kokhala ndi kandulo, kalilole ndi kapaipi. Akuluakulu a zachipatala ku Vienna anachinyoza. Mu 1853 Antonin Desormeaux wa ku Paris anapanga china chowalitsidwa ndi nyale, ndipo ndiye anafalitsa dzina loti endosikopu, lochokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza kuyang'ana m'kati. Nyale yakeyo inali kutentha kwambiri, mwina ndi kuwotcha odwala.

Mu 1868 Adolf Kussmaul wa ku Freiburg anapempha thandizo kwa munthu wochita masewera omeza lupanga. Munthuyo anaweramutsa mutu, nameza paipi yachitsulo yowongoka, yotalika masentimita 47, mpaka inafika m'chifu. Tengani rula muone kutalika kumeneko. Kussmaul anasuzumira, koma kuwala sikunafike pansi, ndipo sanaone zambiri. Magetsi atabwera zinthu zinayamba kusintha. Mu 1881 Johann von Mikulicz anaona m'chifu ndi paipi yokhala ndi kuwala kwa magetsi kunsonga, ku Vienna. Mu 1932 Rudolf Schindler wa ku Munich anapanga paipi imene theka lake linali kupindika pang'ono. Koma kupitirira chifu, kukafika pakhomo la ndulu, kunali kosathekabe.

Yankho linachokera kwa akatswiri a za kuwala. Timadziwa kuti kuwala kumayenda mowongoka. Koma cha m'ma 1841 Daniel Colladon wa ku Geneva anaonetsa kuti kuwala kukalowa m'madzi otuluka pa kabowo ka thanki, kumatsata madziwo pamene akupindikira pansi. Ulusi wa galasi umachita chimodzimodzi: kuwala kumagundagunda m'mbali mwake, osatuluka, mpaka kukafika kunsonga. Mu 1954 Harold Hopkins wa ku England ndi wophunzira wake Narinder Kapany wa ku India anaonetsa ku London kuti mtolo wa timaulusi tagalasi ungathe kunyamula chithunzi ngakhale utapindidwa.

Nkhaniyi inafika kwa dokotala wina wobadwira kuno kummwera kwa Africa. Dzina lake Basil Hirschowitz. Anabadwira ku Bethal m'dziko la South Africa mu 1925, naphunzira udokotala ku Johannesburg, ndipo panthawiyo anali kugwira ntchito pa yunivesite ya Michigan ku America. Iye ndi anzake anayesa kupanga mtolo wautali wa timaulusi, koma kuwala kunali kuthawira pamene timaulusito tagundana. Amene anathetsa vutolo anali mnyamata wophunzira, Larry Curtiss, amene anali asanalandire ngakhale digiri yoyamba. Mu December 1956 iye anakuta ulusi uliwonse ndi galasi la mtundu wina, ndipo kuwala kunaleka kuthawa. Mu February 1957 Hirschowitz anameza yekha chipangizo chatsopanocho asanachiyese pa wodwala aliyense. Ana inu, mwaona kuti m'mbiri imeneyi ophunzira atulukamo katatu: Oddi, Kapany ndi Curtiss. Musadziyese ochepa.

Kufika pakhomo ndi kulitsegula

Tsopano endosikopu inatha kupindika ndi kupitirira chifu. Mu 1968 William McCune ndi anzake ku Washington analowetsa kapaipi kakang'ono pakhomo lija kudzera m'endosikopu, nathira mankhwala, najambula X-ray. Ntchitoyo inali yovuta chifukwa khomolo lili m'mbali mwa matumbo. Madokotala a ku Japan, mmodzi wa iwo Itaru Oi, pamodzi ndi makampani a kwawo, anapanga endosikopu yoyang'ana cham'mbali m'zaka za 1969 ndi 1970. Kupima kumeneku ndiko kumatchedwa ndi zilembo zinayi, ERCP.

Mwala tsono unali kuoneka, koma khomo linali lothina. Mu 1973 Meinhard Classen ndi Ludwig Demling ku Erlangen m'dziko la Germany, ndi Keiichi Kawai ku Kyoto m'dziko la Japan, aliyense kwawo, anapeza njira yodulira mnofu wa pakhomo ndi kawaya kodutsa magetsi. Onse anafalitsa zimene anachita mu 1974. Kuyambira pa kandulo ya Bozzini panali patapita zaka 168. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chokokera mwala chinalipo kale. Mu 1958 Enrico Dormia wa ku Italy anapanga kadengu ka timawaya kokolera miyala ya m'njira ya mkodzo, ndipo madokotala a ndulu anakabwereka. Kadenguko kamalowa kali kopinda, kakafika pa mwala kamatambasuka, mwala umalowamo ngati nsomba m'mono, ndipo kamakokedwa. Mu 1979 Nib Soehendra, wobadwira ku Indonesia koma wogwira ntchito ku Hamburg, anaonetsa mmene angasiyire kapaipi kapulasitiki m'njira yotsekeka kuti ndulu izitsika. Mu 1983 kunabwera endosikopu yokhala ndi kamera kunsonga, yoonetsa chithunzi pa galasi longa la wailesi yakanema, kotero kuti dokotala, anamwino ndi ophunzira anayamba kuonera pamodzi. Mu 1985 Erich Mühe wa ku Germany anachotsa kathumba ka ndulu kudzera m'timabowo ting'onoting'ono ta pamimba.

Taonani mmene maiko anachulukira m'nkhani imodzi: Germany, Italy, France, England, India, South Africa, America, Japan, Indonesia. Palibe mmodzi amene anganene kuti ntchito yonse ndi yake. Mutu umodzi susenza denga.

Mmene zimachitikira lero

Wodwala amakhala osadya maola angapo kuti m'chifu mukhale mopanda kanthu. Amagona pa tebulo la X-ray, cham'mbali kapena chafufumimba, ndipo amapatsidwa mankhwala ogonetsa. Dokotala amalowetsa pakamwa endosikopu yonenepa ngati chala, naitsitsa kummero, m'chifu, mpaka m'matumbo aang'ono. Akaona kachotupa kaja amalowetsamo kawaya ndi kapaipi, nathira mankhwala kuti njira ya ndulu ioneke pa X-ray. Miyala imaoneka ngati timithunzi tozungulira. Kenaka amadula mnofu wa pakhomo pang'ono, ngati sentimita imodzi, kapena amalikulitsa ndi kabaluni. Miyala amaikoka ndi kadengu kapena ndi kabaluni, naisiya m'matumbo, ndipo imatuluka yokha ndi chimbudzi. Mwala ukakula kwambiri amayamba wauphwanya. Akalephera kuutulutsa tsiku limenelo amasiya kapaipi kuti ndulu ndi mafinya zituluke, wodwala apeze mphamvu, adzayesenso tsiku lina.

Kawirikawiri ntchito yonse siipitirira ola limodzi, ndipo pamimba sipakhala bala. M'manja mwa dokotala wozolowera, odwala pafupifupi 9 mwa 10 alionse miyala yawo imachoka mwa njira imeneyi. Ngati kathumba ka ndulu kakadalipo, madokotala amalangiza kuti nako kachotsedwe pambuyo pake, chifukwa ndiko gwero la miyala.

Tisaganize kuti njirayi ilibe zoopsa. Popeza kapamba amathira pakhomo lomwelo, odwala ena, pakati pa 3 ndi 10 mwa 100 alionse, kapamba wawo amatupa pambuyo pake. Ena ochepa amataya magazi pamene padulidwa, ndipo mwa apo ndi apo matumbo amabooka. N'chifukwa chake masiku ano madokotala amayamba apima ndi zipangizo zosalowa m'thupi, monga sikani ya pamimba yofanana ndi imene amapimira amayi apakati, ndipo ERCP amaisungira wodwala amene akufunikadi kuchotsedwa mwala. Opaleshoni yong'amba nayo siinathe ntchito. Kumene endosikopu yalephera, kapena kumene kulibe, dokotala wa opaleshoni amachotsabe mwala ndi kupulumutsa moyo.

Kuno kwathu

Dziko lathu litalandira ufulu mu 1964 linali ndi madokotala ochepa kwambiri a m'dziko momwemuno. Sukulu ya udokotala ya University of Zambia inakhazikitsidwa mu 1966, ndipo ophunzira ake amaphunzirira ntchito pa chipatala chachikulu cha University Teaching Hospital ku Lusaka, chimene tonse timachitcha UTH. Mabuku olembamo odwala amene anapimidwa m'chifu ndi endosikopu pa UTH amayambira mu 1977, patangopita zaka zitatu kuchokera pamene a ku Erlangen ndi a ku Kyoto anafalitsa ntchito yawo. Mabukuwo anasungidwa, ndipo mu 2015 Dr Violet Kayamba, Professor Paul Kelly ndi anzawo anafalitsa zimene anapeza atawerenga zolembedwa za zaka pafupifupi 40, kuti aone mmene matenda a m'mimba asinthira m'dziko muno. Mu 2011 kunatsegulidwanso chipatala cha Levy Mwanawasa, chimene munthu wochokera ku Rufunsa amachipeza m'mbali mwa msewu polowa mu Lusaka.

Koma kuona m'chifu ndi ntchito yopepukirapo poyerekeza ndi kulowa m'njira ya ndulu. Ntchito yachiwiriyi imafuna endosikopu yoyang'ana cham'mbali, makina a X-ray, magetsi osazimazima, timawaya ndi timadengu todula, mankhwala otsukira chipangizo pakati pa wodwala ndi mnzake, ndiponso dokotala ndi anamwino amene anaphunzira ntchitoyo nthawi yaitali. Zotere sizingapezeke pa kiliniki ya kumudzi. M'dziko lililonse zimakhala m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda.

Tsono lingalirani za mayi wa kwa Shikabeta amene wayamba kumva kupweteka pansi pa nthiti usiku, m'mawa maso ali achikasu, madzulo akunjenjemera. Ulendo wake uli ndi zigawo. Choyamba ndi kuchoka pamudzi kufika pa kiliniki, mwina pa njinga, mwina pa ngolo, ndipo m'dzinja mitsinje imadzaza. Chachiwiri ndi kufika pa chipatala chonga cha mishoni cha St Luke's ku Mpanshya, kumene angapimidwe magazi ndi kuyamba kulandira madzi a m'mitsempha ndi mankhwala opha tizilombo. Chachitatu, madokotala akaona kuti njira ya ndulu yatsekeka, ndi kutumizidwa ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 150, kumene akatswiri adzasankha njira yochotsera chotsekacho. Mankhwala opha tizilombo amagula nthawi chabe. Ngalande ikapanda kutsegulidwa matenda amabwerera.

Endosikopu imayenda kuchokera pakamwa kufika pakhomo la ndulu m'mphindi zowerengeka. Ulendo wa mayi uja ungatenge tsiku limodzi, ungatengenso sabata, ndipo kusiyana kwake nthawi zambiri kumayambira pakhomo pa nyumba, pamene abale akukambirana kuti, "Tiyeni tidikire tione mawa." Masiku amene amatayika pamenepo palibe dokotala wa ku Lusaka amene angawabweze.

Gawo lanu

Si chikasu chonse chimene chimachokera ku miyala. Malungo aakulu amabweretsa chikasu. Matenda otupa chiwindi amabweretsa chikasu. Chotupa chingatsekenso njira ya ndulu. Kuyang'ana maso okha sikungatiuze chimene chavuta, ngakhale wakuyang'anayo akhale wamkulu wodziwa zambiri. Chimene chimasiyanitsa ndi kupima magazi ndi sikani. Ndipo matenda onsewa amafuna chipatala msanga. Kugula mapiritsi a malungo pa kantemba osapimitsa, kutema mphini pamene pakupweteka, kapena kumwa zitsamba zotsukira m'mimba sikungasunthe mwala umene wakakamira m'njira yopapatiza kuposa pensulo.

Choncho, ana inu, lowezani zizindikiro zitatu za Charcot monga mumalowezera matebulo a masamu: kupweteka kumanja pansi pa nthiti, maso achikasu, kutentha thupi konjenjemeretsa. Mukaziona mwa amayi, atate, agogo kapena mnansi, kauzeni akuluakulu mwaulemu kuti kusukulu munaphunzira kuti wodwala wotere ayenera kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Wodwala akayamba kusokonezeka mutu kapena kufooka kwambiri, ndiye kuti tizilombo tafalikira m'magazi, ndipo ngakhale usiku suyenera kudikiridwa kuti uche.

Inu aphunzitsi, dziwani ana a m'kalasi mwanu amene ali ndi sickle cell. Ambiri a iwo maso awo amakhala achikasu pang'ono masiku onse, ndipo anzawo asawaseke. Koma chikasucho chikakula mwadzidzidzi, mwana nadandaula m'mimba kapena natentha thupi, itanani makolo msanga, ndipo muwalimbikitse kunyamula khadi la mwanayo la kuchipatala. Pa misonkhano ya makolo fotokozani kuti kutumizidwa ku Lusaka si chizindikiro chakuti wodwala watayidwa. Kalata yotumizira isungidwe bwino, ndipo mudzi ugwirizane pa za mayendedwe matenda asanagwe.

Zochita m'kalasi

1. Boolani botolo lapulasitiki loonekera m'kati cham'munsi ndi msomali, tsekani bowolo ndi chala, ndipo dzazani madzi. M'chipinda chamdima unikani tochi kuchokera kumbuyo kwa botolo molunjika pa bowolo, kenaka chotsani chala. Ana aike dzanja pamene madzi akugwera, aone kadontho ka kuwala. Zimenezi ndizo anaonetsa Colladon.

2. Kumbani kangalande panja, thiranimo madzi, ndipo tsekani ndi mwala. Ana afotokoze kumene madzi apita, nayerekeze ndi ndulu.

3. Jambulani mzere wa zaka pa bolodi kuyambira 1806 kufika 1985, ndipo ana alembepo maina ndi maiko. Apeze maikowo pa mapu.

Mafunso

1. Kodi ndulu imapangidwa kuti, ndipo ntchito yake ndi yotani?
2. Chifukwa ninji mwana wodwala sickle cell angakhale ndi miyala m'ndulu?
3. Tchulani zizindikiro zitatu zimene Charcot anaphunzitsa mu 1877.
4. Kodi Kussmaul analephera chifukwa chiyani mu 1868, ndipo ndani anathetsa vutolo?
5. Chinachitika ndi chiyani ku Erlangen ndi ku Kyoto mu 1973?
6. Kuchokera pamudzi panu kufika pa chipatala chapafupi pali mtunda wotani, ndipo wodwala angafikeko bwanji usiku?

Funso lotsirizali mukalifunsenso kunyumba, ndipo mayankho ake mukabwere nawo kwa aphunzitsi anu. Tsalani bwino, ana inu. Tsalani bwino, aphunzitsi.